Mafunso ndi mayankho: kodi tramu ingachepetse kuthithikana kwa galimoto mu Johannesburg?

Amalawi ambiri okhala ku Joni kuno tsiku lawo limayambira pa renki ya matekisi kunja kusanache, n'kudzathera pamzere wina madzulo. Ntchito ili ku Sandton, ku Randburg kapena ku Fourways, pomwe pogona ndi ku Rosettenville, ku Yeoville, ku Alexandra kapena ku Diepsloot, ndipo maola amene munthu akanacheza ndi ana ake amathera pamsewu. Pakali pano mumzinda muno mulibe tramu yonyamula anthu. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza zimene zingafunike kuti ikhalepo, komanso ngati ingathandizedi anthu onga ife amene tilibe galimoto zathuzathu.

Tramu n'chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi Gautrain kapena Metrorail?

Tramu ndi sitima yamagetsi yoyenda pa njanji zoyalidwa mumsewu weniweni wa m'tauni. Njanjizo amazikwirira mu tara kapena mu konkire moti pamwamba pamakhala posalala, munthu wapansi n'kuwoloka bwinobwino. Magetsi imatenga pa waya wodutsa pamwamba pake. Imaima pafupipafupi, mwina pa mamita 500 alionse, ndipo matramu amakono khomo lake limakhala m'munsi, kotero mayi wobereka mwana, agogo oyendera ndodo ngakhalenso munthu wa pa njinga ya aulumali amalowa osakwera masitepe.

Gautrain ndi sitima ya mtundu wina. Iyo imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola, ndipo pa mtunda wa makilomita 80 ili ndi masiteshoni 10 okha. Metrorail, sitima ya bungwe la boma la PRASA, nayo ili ndi njanji yake kunja kwa misewu, yopapatiza mamilimita 1,067, yofanana ndi ya kwathu yodutsa pa Limbe ndi pa Balaka. Ziwirizi ntchito yake ndi maulendo aatali. Tramu ndi ya maulendo apakatikati, amene kuyenda pansi kwatalika koma kukwera sitima yaikulu sikungatheke.

Tramu imodzi yotalika mamita 30 imanyamula anthu pafupifupi 200, okhala ndi oimirira omwe. Tekisi ya Quantum imanyamula 15. Ndiye kuti ulendo umodzi wa tramu ukulowa m'malo mwa matekisi 13.

Ena akuti Johannesburg inali ndi matramu kale. N'zoona?

N'zoona ndithu. Oyamba anayamba kuyenda mu 1891, patangopita zaka 5 golide atapezeka, ndipo ankakokedwa ndi mahatchi. Amagetsi anabwera mu 1906. Ambiri anali osanjikiza, okhala ndi mipando pansi ndi pamwamba, ndipo ankachoka pakati pa tauni kulowera ku Malvern, Kensington, Bez Valley, Yeoville, Norwood, Melville, Newlands, Turffontein ndi Rosettenville. Omaliza anasiya kuyenda mu 1961. Ena mwa iwo akusungidwa ku James Hall Museum of Transport ku La Rochelle, kufupi ndi Wemmer Pan, ndipo amene mumakhala ku Rosettenville mutha kukawaona tsiku lina mukapeza mpata.

Taonaninso maina a maderawo. Ambiri ndi komwe abale athu akuchita lendi lero. Madera amenewa anakula motsatira njanji ya tramu, n'chifukwa chake mukamayenda mu Jules Street ku Malvern kapena mu Rockey Street ku Yeoville mumaona mashopu atandandalikana mbali zonse ziwiri za msewu umodzi, okhala ndi makhonde otchinga dzuwa, nyumba zogona zili kuseri kwake mtunda woyenda pansi. Anamangira munthu wotsika tramu, osati wofuna poimika galimoto.

Koma tisaikometsere mbiriyi. Matramuwo anali atsankho. Anthu akuda anali ndi awo apadera, ochepa, ndipo malokeshoni amene pambuyo pake anadzatchedwa Soweto tramu sinafikeko.

Nanga anawachotseranji?

Galimoto zinachuluka, eni ake n'kumaona tramu ngati chotchinga pamsewu. Njanji ndi mawaya zinali zitakalamba, ndipo khonsolo inaona kuti kugula mabasi n'kotchipa kusiyana ndi kukonza. Kuyambira 1936 mumzinda munali kale mabasi oyendera waya wamagetsi koma a matayala, ndipo nawo anatha mu 1986. Ndalama zinapita ku misewu ikuluikulu ya M1 ndi M2. Cape Town inachotsa matramu ake mu 1939, Durban mu 1949, ndipo mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku America inachitanso chimodzimodzi. Ina inadzabwerera m'mbuyo itaona kuti galimoto zaidya: Nantes ku France inayalanso njanji mu 1985, Strasbourg mu 1994, Manchester ku England mu 1992.

Kwenikweni chimadzaza misewu ya Joni n'chiyani?

Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 4.8 miliyoni mu Johannesburg, ndi oposa 15 miliyoni m'chigawo chonse cha Gauteng. Koma kuchuluka kwa anthu pakokha sikufotokoza zonse. Vuto lalikulu ndi mmene mzindawu unayalidwira. Boma la tsankho linathamangitsira anthu akuda kutali ndi ntchito, monga linachitira mu 1955 posamutsa anthu a ku Sophiatown kupita ku Meadowlands. Kenaka ntchito nazo zinasamuka. Makampani anachoka pakati pa tauni kulowera kumpoto, ndipo msika wa masheya wa JSE unapita ku Sandton mu 2000. Njanji zakale zinatsala pomwe zinali, zikutsata migodi kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo ndi ku Soweto, pamene anthu tsopano akufuna kupita kumpoto. Randburg, Fourways, Cosmo City ndi Diepsloot konseko kulibe sitima ya anthu.

Pamwamba pa izi, nthawi ya Covid-19 mu 2020 akuba anazula mawaya ndi kuphwasula masiteshoni ambiri a Metrorail. Anthu amene ankakwera sitima yotchipa anakhamukira ku matekisi, ndipo ngakhale njanji zina zatsegulidwanso, kubweza anthu onse aja si ntchito ya tsiku limodzi. Onjezani maloboti ozima chifukwa cha magetsi kapena mawaya obedwa, ndi galimoto zambirimbiri zonyamula munthu mmodzi yekha, mupeza chifukwa chake pa mphambano za misewu ikuluikulu za Buccleuch ndi Gillooly's pamaima chilili m'mawa uliwonse.

Bwanji osangokuza misewu?

Anayesa kale. Mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010 usanachitike, bungwe la SANRAL linayamba kukuza misewu ya N1, N3 ndi N12 kuzungulira mzinda, ndipo ngongole yake ndi imene inabala e-toll, ndalama yolipiritsa oyenda pa misewuyi, imene inayamba mu Disembala 2013, anthu n'kuikana mpaka boma linaizimitsa mu Epulo 2024. Misewu inapumako kwa kanthawi, kenaka inadzazanso.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Msewu ukatakasuka, amene ankanyamuka 5 koloko kuthawa mdipiti amayamba kunyamuka 7 koloko. Amene ankakwera ndi mnzake amatulutsa galimoto yake. Omanga nyumba amakamanga kutali poona kuti ulendo wafupika. Pakatha zaka zingapo mzere watsopano uja wadzaza. Ndipo pakati pa tauni, ku Hillbrow kapena ku Braamfontein, palibe n'komwe pokuzira popanda kugumula nyumba za anthu.

Ndiye tramu ikabwera, mdipiti wa galimoto utha?

Ayi, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo musamukhulupirire. Mizinda yokhala ndi matramu abwino, ngakhale Melbourne ku Australia imene ili ndi njanji zotalika makilomita 250, imakhalabe ndi galimoto zothithikana. Munthu mmodzi akasiya galimoto yake n'kukwera tramu, malo amene wasiyawo amatenga wina.

Chimene tramu imachita ndi kutulutsa anthu ambiri mumdipitimo. Mzere umodzi wa msewu wa m'tauni wokhala ndi maloboti sudutsitsa galimoto zoposa 1,000 pa ola, ndipo zambiri mwa izo muli munthu mmodzi kapena awiri. Mzere womwewo mukaupereka kwa tramu ya anthu 200 yobwera mphindi 3 zilizonse, padutsa anthu 4,000 pa ola. Wa galimoto angathe kuimabe pomwe anaima, koma mayi wogwira ntchito ya m'nyumba wafika nthawi yake, mawanso adzafika nthawi yomweyo, ndipo sadzayamba tsiku ndi kupepesa kwa abwana. Kwa ine phindu lenileni ndi limeneli, ndipo ndi lalikulu.

Koma zonsezi zimatheka pokhapokha tramu ipatsidwe njira yakeyake, yotchingidwa kuti galimoto isalowemo, ndiponso maloboti azitsegukira iyo ikamafika. Mukaisakaniza ndi galimoto ndiye kuti mwaononga ndalama, chifukwa basi ikapeza tekisi yaima kutsogolo imakhota n'kudutsa, pamene tramu singachoke pa njanji. Galimoto imodzi yoimikidwa molakwika itha kuimitsa laini yonse. Apa ndi pamene mapulani ambiri amafookera, popeza kulanda mzere wa msewu kwa eni galimoto kumafuna atsogoleri olimba mtima, ndipo eni galimoto ndi amene mawu awo amamveka msanga ku khonsolo.

Njanji yoyamba ingadutse kuti?

Tramu imafuna msewu wokhala ndi anthu ambiri m'mbali mwake, okwera ndi kutsika tsiku lonse, osati m'mawa ndi madzulo okha. Liwiro lake, kuphatikiza kuimaima, limakhala cha m'ma makilomita 20 pa ola. N'chifukwa chake siyoyenera Orange Farm, imene ili pa mtunda wa makilomita 40 kuchokera m'tauni: ulendo ungatenge maola 2. Kumeneko ndi ku Diepsloot yankho ndi sitima yaikulu kapena mabasi othamanga.

Malo amene ndimaona kuti ndi oyenera ndi awiri. Oyamba ndi komwe tramu inkayenda kale: kuchoka ku Rosettenville ndi Turffontein, kudutsa pakati pa tauni ndi pa Park Station, kukwera ku Hillbrow ndi Berea mpaka ku Yeoville. Mtundawu ndi waufupi, anthu ndi othinana, ambiri alibe galimoto, ndipo m'njiramo muli misika, masukulu, zipatala ndi matchalitchi. Turffontein inali kale m'gulu la madera atatu amene meya Parks Tau anawasankha mu 2013 pa ndondomeko ya Corridors of Freedom, yofuna kumanga nyumba zambiri m'mbali mwa njira za mabasi.

Achiwiri ndi njira yopingasa ya kumpoto, kuchoka ku Alexandra kudutsa Sandton mpaka ku Randburg. Alexandra ndi Sandton n'zoyang'anizana, pakati pali msewu wa M1, ndipo m'mawa uliwonse anthu masauzande amayenda pansi kuwoloka mlatho wa pafupi ndi Grayston Drive kupita kuntchito. Mukaima pamenepo cha m'ma 6 koloko nthawi yozizira muona alonda atavala majekete a kampani, amayi atafunda mabulangete m'chiuno, anyamata atanyamula kachikwama ka nkhomaliro, onse akuyenda mwachangu, m'munsi mwawo galimoto zili ndondondo osasuntha.

Chimene ndimaopa ndi njanji yokongola yozungulira Sandton ndi Rosebank yokha, yomangidwa kuti alendo aione. Kumeneko kuli kale Gautrain ndi mabasi ake. Njanji yoyamba ikalephera kudzaza anthu, yachiwiri sidzamangidwa.

Okonza mapulani amayambira pati?

Amayamba ndi kuwerenga anthu: akuchokera kuti, akupita kuti, nthawi yanji, akulipira zingati, akusintha tekisi kangati. Apa pali vuto limene limatikhudza ife. Kafukufuku amapeza msanga munthu wa adiresi yodziwika ndi ntchito ya mu ofesi. Wokhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mwini, wogwira ganyu lero ku Northcliff mawa ku Edenvale, kawirikawiri sawerengedwa. Mapulani omangidwa pa chiwerengero chosowa anthu amenewa amaika masiteshoni pamalo olakwika.

Kenaka amayang'ana pansi pa msewu. Njanji singayalidwe pamwamba pa mapaipi a madzi, a zonyansa, a gasi ndi mawaya amagetsi, chifukwa paipi ikaphulika laini yonse iyenera kukumbidwa. Zonsezo zimayamba zasunthidwa, ndipo ntchito imeneyi ndi imene imadya nthawi ndi ndalama kuposa mmene anthu amaganizira. Ku Edinburgh ku Scotland, njanji ya makilomita 14 inatsegulidwa mu 2014, zaka 3 mochedwa, itadya mapaundi 776 miliyoni, ndipo china mwa zifukwa zake chinali mapaipi ndi mawaya amene anawapeza pansi mosayembekezera. Ku Joni kuno tonse tinaona zimene zinachitika pa 19 Julaye 2023, pamene gasi anaphulika pansi pa Lilian Ngoyi Street, imene ambiri timaitchabe Bree, msewu n'kung'ambika, matekisi n'kugubuduzika, munthu mmodzi n'kumwalira. Pansi pa tauniyi pali zinthu zakale kwambiri. Kum'mwera kwa M2 kulinso migodi yakale yokumbidwa kunsi, ndipo njanji yopita ku Rosettenville iyenera kudutsa pamwamba pake.

Chotsatira ndi malo a depoti, pogona matramu usiku ndi pokonzera. Pamafunika malo aakulu, afulati, okhudzana ndi njanji, ndipo pafupi ndi tauni malo otere ndi osowa.

Nanga zitunda za Hillbrow ndi Yeoville ingakwere?

Ingakwere. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limaterera kuposa tayala, komabe matramu amakono amakwera chitunda chokwera mamita 6 mpaka 8 pa mamita 100 alionse, ndipo mvula ikagwa amathira mchenga pa njanji. Akale aja ankafika ku Yeoville zaka zoposa 100 zapitazo.

Rea Vaya ilipo kale. Tramu ndi yachiyaninso?

Funso limeneli ndi lolemera kuposa onse, ndipo sindilipeputsa. Rea Vaya inayamba pa 30 Ogasiti 2009, kuchoka ku Thokoza Park ku Soweto kufika ku Ellis Park, ndipo gawo lachiwiri lodutsa ku Auckland Park ndi Empire Road linatsegulidwa mu 2013. Nzeru yake inachokera ku Bogotá ku Colombia: mabasi okhala ndi njira yawoyawo pakati pa msewu, masiteshoni otsekedwa, kulipira usanakwere. Mwachidule, imachita zambiri zimene tramu imachita, pa mtengo wotsika.

Tramu imaposa basi m'zinthu zingapo. Dalaivala mmodzi amanyamula anthu ambiri. Ilibe utsi wa dizilo. Imakhala zaka 30 kapena kuposa, pamene basi imatha pa theka la zaka zimenezo. Ndipo njanji ikayalidwa anthu amadziwa kuti siichoka mawa, ndiye amalimba mtima kumanga nyumba ndi mashopu pafupi nayo.

Komabe mzinda uyenera kuyamba wasonyeza kuti ungasamale zimene uli nazo. Gawo lachitatu la Rea Vaya, la mu Louis Botha Avenue kupita ku Alexandra ndi Sandton, linachedwa zaka zambiri, masiteshoni atamangidwa koma mabasi osayenda. Msewu umenewu ndi womwe anthu a ku Alexandra anayendamo pansi mu 1957, miyezi itatu, pokana kukwera mabasi a Putco atakwezedwa mtengo ndi peni imodzi. Maganizo anga ndi akuti Metrorail ibwerere mwakale, Rea Vaya iyende mokhulupirika, ndiye tramu ibwere pa njira imodzi kapena ziwiri zimene mabasi alephera kunyamula anthu onse. Ikadzabwera kudzalowa m'malo mwa kukonza zinthu ziwirizi, tidzangoonjezera chachitatu chosamalizidwa.

Eni matekisi angalole?

Popanda iwo palibe chingayende. Matekisi ndi amene amanyamula anthu ochuluka kwambiri mwa okwera zoyendera za onse, ndipo amachita zimenezi popanda thandizo la boma la tsiku ndi tsiku limene mabasi ndi sitima zimalandira. Ali ndi dongosolo lawo limene mlendo amaliphunzira sabata yoyamba: chala choloza kumwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, choloza pansi ndiye kuti ulendo ndi wapafupi; ndalama imachoka mpando wakumbuyo, dzanja ndi dzanja, mpaka kwa amene wakhala pafupi ndi dalaivala, iyeyo n'kuwerengera ndi kubweza chenji. Dongosolo limeneli linafika kumene boma silinafike, ndipo likudyetsa mabanja ambirimbiri.

Rea Vaya itayamba mu 2009 panali zionetsero, ndipo basi ina inaomberedwa ku Soweto masiku oyambirira. Zinthu zinakhazikika pamene eni matekisi a njira imeneyo anapereka matekisi awo oposa 500 n'kulandira masheya mu kampani ya PioTrans, imene inayamba kuyendetsa mabasiwo mu 2011. Njira yomweyi ingagwirenso pa tramu, koma kukambirana kuyambe mapulani asanajambulidwe, osati makina okumba atafika kale.

Pali anthu ena amene pa zokambirana zotere sakhala nawo patebulo. Mwini tekisi amalandira masheya. Nanga dalaivala, woyang'anira mzere pa renki, mnyamata wotsuka galimoto, mayi wophika pap ndi nyama pa renki ya Bree kapena ya Noord? Ena mwa iwo ndi abale athu. Mapulani abwino amasiyira matekisi ntchito yotuta anthu m'makwalala kuwafikitsa pa siteshoni, ndipo amamanga renki ndi malo ogulitsira pa siteshoni pomwepo.

Magetsi akazima kapena mawaya akabedwa?

Amene analipo mu 2023 akudziwa kuti magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse. Tramu ikaima pakati pa mphambano chifukwa magetsi apita, imatseka msewu kuposa basi. Njanji iyenera kukhala ndi laini yakeyake ya magetsi, yodyetsedwa kuchokera mbali ziwiri, ndi pangano lolembedwa ndi makampani a magetsi a City Power ndi Eskom loti laini imeneyo isazimitsidwe.

Za akuba, pali njira zochepetsera waya wa pamwamba. Ku Bordeaux kuyambira 2003 matramu ena amatenga magetsi pansi, pa kanjanji kapakati kamene kamayaka pokhapokha tramu ili pamwamba pake. Ena ali ndi mabatire oyendera mtunda waufupi popanda waya. Zonsezi zimakweza mtengo, ndipo mathiransifoma ndi mawaya a pansi amafunabe alonda. Phunziro la 2020 ndi lakuti njanji imabedwa kwambiri ikasiyidwa yopanda alonda, sitima zitaima.

Ndalama zake zingachokere kuti, ndipo tingakwanitse kukwera?

Kumanga njanji n'kodula. Gautrain inadya ndalama zoposa R25 biliyoni. Tramu siifika pamenepo chifukwa siifuna ngalande za pansi pa nthaka, komabe khonsolo payokha singakwanitse. Pangafunike thumba la boma lalikulu lothandizira zoyendera za m'mizinda, limenenso linamanga Rea Vaya, kuphatikiza ngongole. Chabwino n'chakuti ku Dunnottar, kufupi ndi Nigel, kuli fakitale ya Gibela imene ikupanga sitima zatsopano za buluu za PRASA, kotero luso lopanga ndi kukonza sitima lilipo m'chigawo chomwechino.

Chimene andale sakonda kunena n'chakuti ndalama ya matikiti kawirikawiri siikwana kuyendetsa njanji, ndipo boma limayenera kuthirapo chaka ndi chaka. Akakana kuthirapo, mtengo umakwera, ndipo tramu imasanduka ya anthu a ndalama, monga ambiri a ife timaionera Gautrain. Muyeso ndi wapafupi: ulendo wa pa tramu usapose wa pa tekisi pa mtunda womwewo. Chinanso, munthu wosintha kuchoka pa Rea Vaya kapena Metrorail kukwera tramu asalipire kawiri. Lero Gautrain, Rea Vaya ndi Metrobus chilichonse chili ndi kalipiridwe kake, ndipo tekisi imafuna ndalama m'manja.

Ku Africa kuno zinathekapo?

Zinatheka, ndipo maphunziro ake ndi awiri osiyana. Ku Morocco, Rabat inatsegula tramu mu 2011, Casablanca mu Disembala 2012 ndi njanji ya makilomita 31, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuonjezera malaini ena. Algiers inatsegula yake mu 2011, Tunis ili ndi sitima zopepuka kuyambira 1985, ndipo Mauritius inatsegula Metro Express mu 2019.

Addis Ababa inatsegula njanji ya malaini awiri mu 2015, ya madola 475 miliyoni, ambiri mwa iwo ngongole ya ku China. Anthu anaikonda ndipo inkadzaza. Patapita zaka zochepa sitima zambiri zinali zitaima pa depoti chifukwa chosowa zipangizo zosinthira ndi ndalama zakunja zogulira. Anakonzekera kumanga, koma ndalama ya mabuleki, magudumu ndi amakaniko ya zaka 30 zotsatira sinakonzedwe mokwanira. Johannesburg, mzinda umene ukulimbana ndi maenje m'misewu ndi mapaipi ophulika, iyenera kuphunzira kwambiri kwa Addis Ababa kusiyana ndi kwa Casablanca.

Ndimagulitsa m'mbali mwa msewu. Nthawi yomanga zidzandithera bwanji?

Walira mvula walira matope. Msewu umakhala wokumbidwa zaka 2 kapena 3, makasitomala amasowa podutsa, fumbi limalowa m'katundu, ndipo wa shopu yaing'ono, telala, wometa ndi wogulitsa tomato ndi amene amayamba kugwa. Mizinda yosamala imakumba chigawo chimodzi n'kuchimaliza isanapite pena, imasiya njira ya oyenda pansi yotseguka, ndipo imalemba maina a ogulitsa ntchito isanayambe kuti adzabwerere pamalo pawo.

Palinso za lendi. Dera likapeza tramu nyumba zimakwera mtengo, ndipo amene anapirira fumbi angathe kukankhidwira kutali njanji itangoyamba kuyenda. Chotchinjiriza ndi chakuti khonsolo imange kapena kusunga nyumba zotchipa pafupi ndi masiteshoni njanji isanafike, malo asanadule.

Ife obwera tili ndi mawu pa nkhani ngati imeneyi?

Kuvota sitivota, koma lamulo la makhonsolo la 2000, Municipal Systems Act, limawerenga anthu onse okhala m'dera ngati eni dera oyenera kufunsidwa maganizo. Chaka chilichonse khonsolo imatulutsa ndondomeko yake ya chitukuko, imene amaitcha IDP, n'kuitanitsa misonkhano m'madera ndi ndemanga zolemba. Amene mapepala anu ali bwino pitani, ndipo ndi bwino kupita ngati gulu la mpingo, la mzikiti kapena la chithandizo cha maliro kusiyana ndi munthu payekha.

Mukapita, funsani zinthu zimene wokonza mapulani woyenda pa galimoto sangaziganize. Tramu yoyamba idzanyamuka nthawi yanji, popeza mlonda ndi wophika buledi amayamba ntchito kusanache, ndipo yomaliza idzadikira ogwira ntchito m'malesitilanti? Lamlungu idzayenda? Pa siteshoni ndi njira yopita kumeneko padzakhala magetsi ndi alonda, kuti mayi wobwera usiku asaope? Khadi lokwerera lidzagulidwa ndi ndalama m'manja popanda kufunsidwa chiphaso cha dziko lino kapena akaunti ya ku banki? Ndipo funsaninso za katundu: ngati njanji idzadutsa pa Park Station, pamene ambiri timakwerera mabasi opita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, munthu wonyamula zikwama zikuluzikulu ziwiri ndi katoni adzaloledwa kulowa nazo, kapena adzauzidwa kuti akafune galimoto ya hayala.